Pansi pa Denga la Taesi

Pelusiyo, ku Iguputo
2 Epulo, chaka chachiwiri cha Pangano

Mkazi wanga Hildewara,

Moni wochuluka kuchokera kuno kutali. Ine ndili moyo, manja ndi miyendo zonse zilipo. Kaya iwe chisanu chakusiya bwanji kumeneko? Ndikudziwa kuti wandinena mokwanira chifukwa chokhala chete, koma nyanja imatsekedwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndiye panalibe ngalawa yoti n'kutenga kalata. Akulemba mawu angawa ndi wansembe wa gulu lathu, ndipo ndamuuza kuti asachotsepo ngakhale amodzi.

Anzanga onse a kwathu kwa Ansila anawasiya ku Antiokeya. Ine ndekha ndi amene anandiphatikiza m'gulu lobwera kuno, ndipo tinafika mu Okutobala. Ntchito yathu ndi kulondera njira ya m'chipululu ndi kuperekeza ngalawa za tirigu. Aroma amatitcha abwenzi a pangano. Mtsogoleri ndi Mgoti mnzathu, ndipo timapemphera m'chinenero chathu. Koma kukangomveka kuti achifwamba abisala kuseri kwa mchenga, abwenzife ndi amene timatsogola, eni nkhondo n'kumabwera pambuyo mwachifatse kudzaona ngati watsalako wina. Anthu a m'tauni akationa amatseka mphuno, ati batala amene timadzola kumutu amanunkha. Iwowo amanunkha anyezi, koma ife sitinena kanthu.

Tsono imva nkhani yokoma. Kuno msilikali sagona m'hema. Lamulo la Kaisara likuti nyumba iliyonse ipereke gawo limodzi mwa magawo atatu kwa msilikali. Kunabwera mlembi wa Chiroma n'kumalemba mayina athu pa zitseko za anthu. Langa analilemba pa chitseko cha mayi wina wamasiye, dzina lake Taesi. Nyumba yake ndi ya njerwa, Hildewara, ya makwerero opita padenga. Ine Wadamiri amene ndinabadwira m'ngolo, lero ndimakwera padenga kukaona nyanja. Mayiyo amaphika mphodza ndi buledi wa tirigu woyera, ndipo ndimadya za pa moto wake tsiku lililonse. Chisanu chonse ndakhala m'nyumba imeneyi, ngakhale kuti chisanu chakuno n'choseketsa, munthu ukhoza kugona osafunda.

Uwauze a dikoni Batwini awerenge ndime ya nyumbayi mokweza, amve onse aja ankati ndikupita kukafera Aroma.

Undiuze za kwathu. Ng'ombe yofiira ija inabereka? Munda wa barele akukulimira ndani? Achimwene a Gudila mwendo uja ukuwalola kugwira ntchito? Unditumizirenso chipeso cha fupa, changa chinathyoka m'ngalawa.

Ndine mwamuna wako,
Wadamiri

Kwa Ansila, m'mbali mwa mtsinje wa Danubi
24 Meyi, chaka chachiwiri cha Pangano

Amuna anga a Wadamiri,

Moni wanu ndalandira. Moyo ulipo, poti mwafunsa. Ng'ombe inabereka kamsoti.

Kalata yanu a dikoni Batwini anaiwerenga pakhomo pa tchalitchi titatha mapemphero, monga achitira ndi makalata onse, mudzi wonse uli pomwepo. Anawerenga mokweza ndithu monga munapemphera. Atafika pa nyumba ya njerwa amayi anaomba m'manja, ine n'kuimika khosi kuti onse andione. Atafika pa dzina la Taesi manja aja analeka. Mkazi wa wosula zitsulo, mumamudziwa pakamwa pake, anafunsa kuti, "A dikoni, pamenepo mwati wamasiye?" A dikoni anavomera. Iye anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Mwayi wako mnzanga, wapeza mkazi mnzako wa njerwa." Anthu anaseka. Nanenso ndinaseka nawo, chifukwa kulira pagulu sindinaphunzire.

Kapena dzuwa la kumeneko lakuumitsani mutu, ndiye ndikukumbutseni. Kwathu mwamuna ndi mkazi akadyera pa moto umodzi n'kugona pansi pa denga limodzi, kuyambira chipale chofewa choyamba kugwa mpaka mtsinje utasungunuka, amenewo ndi banja, palibenso chofunsa. Amayi anga anakwatiwa choncho. Inuyo munanditenga choncho. Lero mukundiuza ndi pakamwa panu kuti mwatha chisanu chathunthu pa moto wa mkazi wina, n'kumati ndi nkhani yokoma.

Ine chisanu chomwecho ndinali ndekha. Nkhuni ndinkawaza ndekha mpaka m'manja munang'ambika. Ng'ombe ndinkailowetsa m'nyumba kuopa mimbulu. Alamu a Gudila anandiitana katatu kuti ndikakhale kwawo kuli nkhuni zambiri, ine n'kukana katatu konse, chifukwa miyezi ndimadziwa kuwerenga kwake. Ndinkadziona ngati mkazi wanzeru, osadziwa kuti ndikuzizidwa chonchi wina akukwera padenga kukaona nyanja.

Ndikuuzeni poyera, nsanje ikundidya. Ndikamakama ng'ombe ndimamuona mkaziyo, ndikamapota ulusi ndimamuonanso, ndipo tsiku lililonse amakongolerakongolera. Ali ndi zaka zingati? Mano ali nawo onse? Mukamadya amakhala pafupi bwanji? Chipeso sinditumiza. Amene akukuphikirani mphodza akupeseninso tsitsi.

Mwafunsa za munda. Alamu analima wonse, osasiya ndi ngodya yomwe. Anakonzanso denga lija munalisiya likudontha. Munthu wotsimphina, koma ntchito yake imaposa ya ena a miyendo iwiri. Ndinawaphikira nyama ya nkhumba n'kuwatungira mowa wa uchi, ndipo anadya atakhala pa mpando wanu. Unali usana, chitseko chili chotsegula.

Akuluakulu a mudzi akambirana. Akuti malamulo a Aroma sawadziwa, amadziwa athu. Komabe akuti mukanena momveka, kudzera m'dzanja la wansembe wanuyo, kuti mkaziyo si mkazi wanu, nkhani ithera pomwepo. Ndi mawu ochepa chabe. Ndikuwadikira.

Ndine amene munamusiya,
Hildewara

Pelusiyo
12 Julaye, chaka chachiwiri cha Pangano

Hildewara,

Moni. Kalata yako yandipeza ndikuchokera kuchipululu, komwe tinataya anzathu asanu ndi mmodzi pa chitsime china chopanda ndi dzina lomwe. Ndinaisunga pachifuwa tsiku lonse kudikira wansembe, ndikuganiza kuti muli mawu ondiziziritsa mtima. M'malo mwake ndamva kuti pa mpando wanga pakukhala munthu.

Ndiye achimwene akulima mpaka m'ngodya? Munda wawo womwe sanaulimepo mpaka m'ngodya chibadwire. Denga anakonza, nyama anadya, mowa wanga wa uchi anamwa. Ukuti chitseko chinali chotsegula. Amene wakufunsa za chitseko ndani? Ukuganiza kuti ndinaiwala mmene ankakuyang'anira ndisanakutenge? Chimbalangondo chokalamba sichizungulira mng'oma chifukwa chokonda nyimbo za njuchi.

Tsono ine ndizilumbira pamaso pa akuluakulu ngati wakuba, pamene iwe ukutungira mowa amuna ena. Sindilumbira. Uwauze akuluakuluwo kuti mwambo wawo umayambira pa chipale choyamba, ndipo kuno chipale sichinagwepo chilengedwere dziko. Akapeze pa mchengapa poyambira kuwerenga.

Wafunsa za Taesi. Zaka zake sindinamufunse, mano ake sindinawawerenge. Chimene ndingakuuze n'chakuti m'nyumba mwake mumanunkhira lubani, zovala zake ndi za bafuta woyera, ndipo buledi amakanda yekha ndi manja ake. Ndikabwera kuchipululu ndimapeza madzi osamba ali m'mtsuko. Sindinamumvepo akutamanda mwamuna wina pamaso panga. Chipeso usavutike nacho, kuno zipeso ziliko za minyanga ya njovu.

Wansembe wayamba waima kulemba, akuti ndichotse ndime imeneyi chifukwa ndikusewera ndi moto pafupi ndi udzu wouma. Ndamuuza kuti ntchito yake ndi kulemba. Nawenso ulawe mmene zimawawira.

Achimwene uwapatse moni. Uwauze kuti mpando umenewo ndinasema ndekha, ndipo ndidzaufuna.

Wadamiri

Kwa Ansila
30 Ogasiti, chaka chachiwiri cha Pangano

Mng'ono wanga Wadamiri,

Ndakupatsa moni. Ine ndili bwino, kupatula mwendo umene ukuudziwa. Barele takolola, wachita bwino m'minda yonse iwiri. Ndikulemba ndine, kudzera mwa a dikoni, chifukwa mlamu wakana kukulembera.

Kalata yako inawerengedwa pakhomo pa tchalitchi. Sindikubisira, unatichititsa manyazi. A dikoni atafika pa madzi osamba aja anayamba kuthamanga powerenga, koma anthu anali atamva kale. Ine unanditcha chimbalangondo, ana akundiitana choncho mpaka lero, zilibe kanthu. Mlamu anangochoka pamenepo. Anapita kunyumba, anatenga chofunda cha ubweya chimene wakhala akukulukira chichokere iwe, n'kuchiponya pamoto. Fungo lake linamveka mudzi wonse.

Akuluakulu anakhalanso pansi. Akuti anakupempha mawu ochepa, iwe wawayankha ndi nthabwala za mchenga. Akuti chipale chimene amawerengera ndi chogwa kwa Ansila, kaya munthuyo ali kuti. Ndiye agamula kuti poti sunakane, wavomera, ndipo Hildewara ndi mfulu. Iye waimirira pamaso pawo n'kunena kuti chisanu china sachitha yekha, ndipo chipale choyamba chikadzagwa adzazimitsa moto wa m'nyumba mwako n'kubwera kwanga. Sindinamupemphe. Koma munthu wofuna pothawira chisanu sindingamutsekere chitseko.

Pali china chimene ndakhala nacho kukhosi. Pa nkhondo ya ku Adrianopo mkondo wa Mroma unalowa m'ntchafu yanga, iwe uli kumbuyo kulondera ngolo. Lero Mroma yemweyo wakumanga lamba wa usilikali, wakupatsa nyumba ya njerwa, ukudya buledi woyera. Ine amene ndinakhetsa magazi ndikutsimphina kumbuyo kwa ng'ombe m'munda mwako. Sindikudandaula, ndikungonena kuti zinthu zonse zabwino zakhala zikugwera mbali imodzi, ndipo mapanga awiri avumbwitsa.

Komabe ndiwe mwana wa amayi anga. Akuluakulu akuti khomo likadali lotsegula mpaka chipale chigwe. Ngati uli ndi mawu, fulumira nyanja isanatsekedwe. Amene amapita kudooko kukachingamira ngalawa masiku ano ndine, ndiye kalata yako idzafikira m'manja mwanga.

Mkulu wako,
Gudila

Pelusiyo
13 Okutobala, chaka chachiwiri cha Pangano

Hildewara mkazi wanga, ndi inu akuluakulu nonse a kwa Ansila,

Moni nonse. Ndilibe nthawi, ngalawa yomaliza inyamuka mawa.

Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, dzanja langa lili pa buku la wansembe amene akulembayu, kuti Taesi si mkazi wanga, sanakhalepo mkazi wanga, ndipo sangakhale. Ndi nkhalamba yoti ikhoza kubala amayi anga. Sanandisankhe, inenso sindinamusankhe, anatiphatikiza ndi mlembi wa Kaisara. Kuno msilikali aliyense amagona m'nyumba ya mwini, ndipo palibe amene amakuona ngati ukwati. Ndinazolowera za kuno mpaka kuiwala mmene zimvekere kwathu. Kumeneko kunali kupusa koyamba.

Kupusa kwachiwiri ndinachita dala. Hildewara, nditamva za mpando uja mutu unazungulira. Ndinafuna kuti upse mtima monga ndinapsera ine, kuti ndidziwe kuti ukundifunabe. Zipeso za minyanga ndinangoziona pamsika. Madzi osamba ndimatunga ndekha. Tsitsi langa lapotana ngati la nkhosa chifukwa chithyokere chipeso chija ndimapesa ndi zala.

Ndinapita kwa mtsogoleri wathu kukapempha kuti ndibwere. Anandikumbutsa kuti ndinalumbira pa lupanga lake kumutsata zaka zisanu, ndiponso kuti Mgoti akathawa pagulu Aroma amalanda minda ya mudzi wake, chifukwa mindayo tinaipeza ndi pangano lomweli. Ndinamugwira miyendo. Anandidzutsa n'kundipatsa vinyo, koma sanandilole.

Poopa kuti simundikhulupirira, ndamutengera Taesi kwa mlembi wa pamsika kuti anene yekha. Kalata yake ili m'Chigiriki, a dikoni Batwini amachidziwa. Ndaimanga pamodzi ndi yangayi.

Usazimitse moto wathu. Nkhuni ndikudziwa n'zovuta. Gulitsa kamsoti kaja ulembe anthu akuwazire. Achimwene, ndakunyozani, mundikhululukire. Kalata iyi ikangofika m'manja mwanu, thamangani nayo kwa a dikoni tsiku lomwelo.

Mwamuna wako, wako yekha,
Wadamiri

Pelusiyo, pa msika wa nsomba
13 Okutobala

Kwa mkazi wa msilikali wa m'nyumba mwanga, kuchokera kwa Taesi, mkazi wa malemu Pamuni wosoka maukonde.

Moni mwana wanga. Sindikudziwa, koma ndamva kuti ukundichitira nsanje, ndipo ndaseka mpaka chifuwa chandipweteka.

Akuti unafunsa zaka zanga. Ndi makumi asanu ndi awiri, kuwonjezapo zina zimene ndinasiya kuwerenga. Unafunsanso mano. Alipo anayi, ndipo awiri okha ndi amene amakumana. Pamsika pano ndafika nditaberekedwa kumsana ndi mwamuna wakoyo chifukwa mawondo anandithera, ndipo amayi ogulitsa nsomba atisekera njira yonse.

Mwamuna ndinali naye mmodzi, ndinamuika m'manda zaka makumi awiri zapitazo, ndipo sindifuna wina, makamaka wa tsitsi lofika m'mapewa lonunkha mkaka wosasa. Munthuyu ndinangodzuka tsiku lina n'kupeza dzina lake pachitseko. Ananditengera chipinda chimene ndinkasungiramo mitsuko. Anathyola khwerero lachitatu ndi kulemera kwake. Amadya za anthu atatu. Amapemphera mopotoka monga Agoti nonse, moti ansembe athu sabweranso kwanga. Lubani amene akuti amanunkhira m'nyumba mwanga ndimafukiza chifukwa cha mutu wakewo.

Wansembe wawo atandimasulira zimene anakulembera mu Julaye, ndinamukwapula ndi chipande pakhutu. Sanazinde.

Chinenero chanu sindichimva. Ndimadziwa mawu amodzi okha, Hildewara. Miyezi itatu yoyamba ndinkayesa kuti ndi dzina la mulungu wina wa kwanu, chifukwa amawatchula akamadya, akamanola lupanga, ngakhale akapunthwa. Ndinafika pomuwaza madzi odalitsa. Chifikireni kalata ya mkulu wake sakudya. Amangokhala padenga kuyang'ana kunyanja, chimunthu chachikulu chonsecho, mamina ali chuchuchu ngati mwana. Mphodza zanga zikuwonongeka.

Mwana wanga, amuna ndi opusa kulikonse, a kuno ndi a kwanu omwe. Wakoyu ndi wopusa kuposa ambiri, koma ndi wako. Mudikire. Ndipo ngati kwanuko alipo amene amalankhula ndi Kaisara, amuuze kuti Taesi akufuna chipinda chake.

Khala bwino.

Pelusiyo
15 Malichi, chaka chachitatu cha Pangano

Mkazi wanga Hildewara,

Moni. Nyanja yatseguka, ndipo iyi ikukwera ngalawa yoyamba. Miyezi isanu ndakhala ndikuwerenga masiku. Mwini ngalawa ija anandilonjeza kuti makalata afika pa Danubi Novembala asanathe, ndiye ndikudziwa kuti anakupeza nthawi ilipo. Ndimaganiza mmene anthu anasekera pomva za mano anayi aja. Mkazi wa wosula zitsulo anati chiyani?

Ndakugulira nsalu ya bafuta. Nkhalamba ija ndi imene inasankha, ikuti ine ndilibe maso. Ndiuze ngati nkhuni zinakwanira. Ndilembere msanga, ngakhale kunditukwana kokha.

Mwamuna wako,
Wadamiri

Kwa Ansila
28 Epulo, chaka chachitatu cha Pangano

Wadamiri,

Moni. Akuluakulu andilamula kuti ndikuuze ndekha, ndipo a dikoni akulemba ali chiimire, akuti sakhala pansi m'nyumba mwanga.

Makalata ako awiri aja anafika. Mwini ngalawa sananame. Anandipatsa padooko masiku asanu ndi atatu chipale chisanagwe, omangidwa ndi chingwe cha mlaza. Kuwerenga sindidziwa, koma iwe ndimakudziwa. Nditangowagwira ndinadziwa zimene zinali m'katimo. Ndinanyamuka kulunjika kwa a dikoni, ndinafika mpaka pa mpanda wa tchalitchi, kenako miyendo inakhotera kwathu. Ndinawasomeka m'udzu wa denga.

Chipale chinagwa, Hildewara anazimitsa moto wako n'kubwera. Chisanu chonse makalatawo anali pamwamba pa mitu yathu. Mtsinje unasungunuka mu Malichi. Sabata yatha mwini ngalawa uja anabweranso, anakumana ndi Hildewara padooko, n'kumufunsa ngati nkhani za ku Iguputo zinali zabwino. Sindinadikire kuti andifunse kawiri. Ndinakwera kudenga n'kuwatsitsa makalatawo.

Ukufuna ndinene kuti ndikumva chisoni. Manyazi ndili nawo, anthu sakundipatsanso moni. Koma chisoni ndikachifufuza sindikuchipeza. Chaka cha njala chija titangowoloka mtsinje, Aroma akutigulitsa nyama ya agalu, amene ankagawana chakudya ndi Hildewara, akadali mtsikana, ndine. Mkazi wanga anali atangomwalira, ndinati ndiyambe ndalira maliro. Ndikulira choncho iwe unabwera ndi miyendo yako iwiri ndi nthabwala zako, n'kumutenga. Sindinanene kanthu. Mtsogoleri atabwera kudzasankha ankhondo, anandiyang'ana mwendo n'kuloza iwe. Sindinanenenso kanthu. Ndinakulimira munda, ndinakufolerera denga. Kenako iwe mwini unamutaya mkaziyo pamaso pa mudzi wonse kuti ungoona ngati alira. Chinthu chimene ine ndinkachilakalaka zaka zonsezi, iwe unkachiseweretsa.

Akuluakulu andidzudzula tsiku lathunthu, ndipo sindidzakhalanso nawo pabwalo. Koma pa za ukwati akuti chisanu chinawerengedwa, mudzi wonse unaona, ndipo madzi akatayika sawoleka.

Ukadzabwera ndi lupanga lako la Chiroma udzandipeza. Kuthawa sindingathe.

Gudila

Kwa Ansila
3 Meyi, chaka chachitatu cha Pangano

Alamu anga a Wadamiri,

A dikoni akuti umu ndi mmene ndiyenera kuyambira tsopano. Ndinawauza alembe, koma dzanja lawo linachedwa.

Moni. Kalata yanu ya mu Malichi yafika dzana, pamodzi ndi nsalu. Mwafunsa ngati nkhuni zinakwanira. Zinakwanira.

Makalata aja anawerengedwa Lamulungu lapitali pakhomo pa tchalitchi, onse awiri, udzu wa denga ukadali pa chingwe. Yanu anthu anaimvera ali zii. Ya mayi uja inawaseketsa, sakanachitira mwina. Pa mano anayi aja wosula zitsulo anachita kugwira khoma. Kenako wina anandiyang'ana, winanso n'kundiyang'ana, kuseka kuja n'kutha. Mwafunsa zimene mkazi wa wosula zitsuloyo ananena. Anangobwera kudzandigwira mkono, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa chipongwe chake chija.

Ndinapempha a dikoni kuti abwereze pamene mayiyo akunena za dzina langa. Anabwereza. Nditapempha kachitatu anapinda kalatayo n'kundiuza kuti ndipite kunyumba. Ndinaima pamenepo osadziwa kuti akunena nyumba iti.

Mudzafuna kudziwa ngati ndingatuluke kwa akulu anu. Ndinafunsa. Ndinawalalatira akuluakulu mpaka mawu anandithera. Koma ndili ndi pakati, miyezi inayi, ndipo mwanayu ali ndi bambo ake. Akulu anu sindilankhula nawo chiwerengereni makalata. Ndimawapakulira chakudya, amadya atazolika. Sanandimenyepo, sanandinyozepo, ndipo chisanu chonse sindinagwire nkhwangwa. Ndikunena kuti mudziwe, osati kuti ziwawe. Masewera amenewo tasewera mokwanira.

Iwo anaba masiku asanu ndi atatu. Koma miyezi ina yonse ija tinataya tokha. Ine ndinakuuzani za mpando ndikudziwa bwino lomwe pamene pakulaseni. Inu munandibwezera ndi madzi osamba. Munkafuna kudziwa ngati ndikukufunanibe. Ndinkakufunani mpaka ndinawotcha chofunda chimene ndinakhala ndikuluka chichokere inu, mpaka ndinalowa m'nyumba ya munthu wina kuti mukamve kumeneko mulephere kudya. Ndamva kuti munalepheradi.

Nsanje sinathe. Kale ndinkaichitira mkazi wokongola amene kunalibe. Tsopano ndikuichitira nkhalamba ya mano anayi. Imadzuka m'mawa n'kukupezani m'nyumba, imakupakulirani mphodza, imakukwapulani ndi chipande, imakumvani mukutchula dzina langa, ndipo zonsezi siizifuna n'komwe. Muiuze ikusamalireni. Muziidyera chakudya chake.

Musandilemberenso. Makalata kuno amawerengedwa pakhomo pa tchalitchi, ndipo ine ndimaima pambali pa akulu anu.

Ndine mlamu wanu,
Hildewara